Mutu Umene Kompyuta Inadya

Apongozi anga aamuna si anthu oimba foni. Pa zaka zisanu ndi zinayi zimene ndakhala pabanja ndi mwana wawo, uthenga uliwonse wochokera kwa iwo unkadzera kwa mkazi wanga, n'kundifika utasefedwa kale. Ndiye Loweruka lina m'mawa foni yanga italira, ine n'kuona kuti ndi iwowo, ndinadzambatuka pampando n'kuyankha nditaimirira ngati akundiona.

Sanataye nthawi ndi malonje. Anafunsa ngati ndikugwirabe ntchito ya makompyuta ija, ndipo nditavomera anati ndibwere ndi zida zanga zonse chifukwa buku lawo lakana kutseguka.

Za buku limeneli tonse pachibale tinkazidziwa, ngakhale panalibe amene analionapo. Abambowa anagwira ntchito ku positi ofesi moyo wawo wonse, kuyambira pa ukalaliki wa pakauntala mpaka ubwana wa nthambi. Atapuma anayamba kulemba mbiri ya moyo wawo pa kompyuta yakale imene mlamu wanga anawasiyira. Ankalemba ndi zala ziwiri, m'mawa uliwonse, ndipo chimenechi chinali chaka chachitatu. Mkazi wanga, pondiperekeza pakhomo, anandipatsa malamulo awiri: ndisakawaseke, ndipo ndisakawaphunzitse. Ndinafunsa kuti nanga ndikupitiranji. Iye anati ndikakonze basi, pakamwa ndipasiye kunyumba.

Anandilandira ndi apongozi aakazi, amene kale anali mphunzitsi ndipo mpaka lero amakuyang'ana ngati sunalembe homuweki. Anandinong'oneza kuti mdala wawo sanadye chiyambire dzulo masana, kenako anandilozera kachipinda kakumapeto. Kameneka n'komwe mkazi wanga ankagona ali mtsikana, ndipo pakhoma pakadali zipsera za selotepi pamene ankamata zithunzi za oimba. Tsopano muli tebulo, mipando iwiri ndi shelefu ya mapepala. Abambo ndinawapeza atakhala pamenepo atavala jekete. Kwa iwo kulemba ndi ntchito, ndipo munthu sapita kuntchito ndi malaya okha.

Kompyutayo inali ya chibokosi chachikulu chija choika pansi pa tebulo. Pamwamba pake amayi anayalapo kansalu koluka, pakansalupo n'kuikapo chitini cha maluwa. Ndinapempha mwaulemu kuti maluwawo akapumeko kaye pawindo. Kenako ndinawauza abambo kuti aiyatse monga amachitira masiku onse, ine ndione.

Anadina batani. Anadikira pang'ono. Kenako anabweza phazi n'kuchimenya chibokosicho m'nthiti ndi silipasi, kawiri.

"Ikapanda kulandira zimenezi siidzuka," anatero.

Ndinafunsa kuti akhala akuidzutsa choncho kuyambira liti, iwo anati chaka chatha. Nanga pozimitsa? Anandilozera swichi ya pakhoma. Akamaliza kulemba amangothimitsa pamenepo, chifukwa zodikira kuti makina atsanzike alibe nazo nthawi. Mawu anandifika pakhosi, koma ndinakumbukira malamulo aja n'kuwameza.

Pa sikirini panali foda yolembedwa ndi zilembo zazikulu kuti BUKU LENILENI. Mmenemo ndi mmene munali mitu yonse khumi ndi inayi, mutu uliwonse fayilo yakeyake. Nditaidina, kompyuta inaganiza nthawi yaitali, kenako inatulutsa uthenga woti fodayo yawonongeka, singawerengeke. Ndinafunsa ngati anasungako kope lina kwinakwake. Anati iwo si mwana, kope lina lilipo. Ndinapumira m'mwamba. Lili kuti? Anati lili m'foda yomweyo, pansi pa mutu womaliza.

Ndinagwada n'kuika khutu pachibokosi. Mkati munkamveka kakuti tche, tche, tche, n'kusiya, n'kuyambanso. Aliyense wa ntchito yathu amakadziwa kaphokoso kameneka, ndipo palibe amene amakakonda.

Apa ndinaona kuti lamulo lachiwiri lija ndilithyole pang'ono, chifukwa munthu ayenera kudziwa chimene chikudwala m'nyumba mwake. Ndinawauza kuti m'kati mwa chibokosimo muli kachipangizo kosunga zonse, timakatcha hadi diraivi, ndipo akaganizire ngati khoma la timabokosi ta makalata. Chilichonse chimene alemba chimagawidwa m'timabokosi timeneti, ndipo pali kaundula wonena kuti chakuti chili m'kabokosi kakuti. Kuzimitsa mwadzidzidzi kumang'amba masamba a kaundulayo, ndipo kugwedezagwedeza kumaphwanya timabokosi tina. Za silipasi sindinatchule.

Abambo anavula magalasi n'kundiyang'ana bwinobwino, mwina koyamba chikwatireni mwana wawo. Anati ndiye kuti makalatawo alipo, koma adiresi ndi imene yafufutika. Ndinati ndi momwemo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ngati ndi zimenezo, si nkhani yachilendo, tiyambepo.

Ndisanakonze chilichonse ndinalumikiza hadi yanga ya m'thumba n'kuyamba kukopera zonse zimene zinkalola kukopedwa. Wodwala wotere umayamba wamufunsa zonse akadali ndi mawu. Zithunzi za adzukulu zinadutsa bwino. Nyimbo zingapo za kwaya zinadutsa. Panadutsanso foda ya makalata zana limodzi ndi khumi ndi awiri opita kwa mkonzi wa nyuzipepala, odandaula za maenje a mumsewu, agalu a aneba ndi anthu olemba manambala mosaoneka. Abambo anati sanatumizepo ngakhale imodzi, amangolemba kuti mtima utsike. Foda ya buku yokha ndi imene inakakamira.

Kenako ndinatsegula kawindo kakuda kamene timalembamo malamulo, n'kuiuza kompyuta kuti iyendere hadi yonse, kabokosi ndi kabokosi, isoke kaundula pamene pang'ambika, ndipo chilichonse chimene ingapulumutse m'malo owonongeka ichisamutsire pabwino. Inazima, inayakanso yokha popanda womenya, ndipo pa sikirini panatuluka nambala yosonyeza pamene yafika. Inayamba mwamphamvu: 3 peresenti, 7, 10, 11. Pa 11 inaima.

Abambo anafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Ndinati mwina ola limodzi, mwina anayi, ndipo chachikulu n'choti pasapezeke woizimitsa. Anapita kukhomo n'kulengeza nyumba yonse, imene inali ndi amayi okha, kuti aliyense asayandikire swichi.

Ndiye tinakhala, ine mpando uwu, iwo mpando uwo, maso pa nambala. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ine ndi apongozi anga tinali tisanakhalepo awiriwiri m'chipinda chimodzi. Nthawi zonse pamakhala mkazi wanga, kapena ana, kapena wailesi. Ndinayambitsa nkhani ya mvula, inatha m'mphindi ziwiri. Ndinayesa ya mpira, iwo anati mpira anasiya kuutsata pamene osewera anayamba kupaka tsitsi utoto. Nawonso anayesetsa, anafunsa za mwendo wa mayi anga. Mwendowo unapola zaka zinayi zapitazo, koma ndinayankha ngati nkhani ya dzulo.

Nambala inali pa 11 pomwepo. Ndinaona phazi lawo likuyamba kusuntha lokha pansi pa tebulo. Mwakachetechete ndinatenga chikwama changa n'kuchiika pakati pa silipasi ndi chibokosi.

Amayi analowa ndi tiyi ndi buledi. Anayang'ana sikirini, anayang'ana amuna awo, n'kutuluka. Patapita kanthawi anabweranso kudzatenga makapu amene tinali tisanamalize. Ulendo wachitatu anabwera opanda chifukwa n'chimodzi chomwe, anangopukuta pawindo pamene panali poyera kale.

Kenako abambo, maso akadali pa sikirini, anandifunsa ngati ntchito yangayi ndimaikonda. Ndinati masiku ambiri ndi yongouza anthu kuti chingwe sichinalowe, koma tsiku limene munthu wataya zinthu zake ine n'kumupezera, ndimabwerera kunyumba ndikuimba muluzu. Kenako anayamba kundiuza za kachipinda kena kumbuyo kwa ofesi yawo yakale, kosungiramo makalata osowa eni. Ena adiresi inafufutika ndi mvula, ena wolemba anangoti "kwa achimwene, pafupi ndi chigayo." Lachisanu lililonse masana ankadzitsekera mmenemo ndi galasi lokulitsira zilembo, kuyang'ana chidindo, kuyang'ana kalembedwe, kufunsa madalaivala a mabasi. Kalata ina anaipezera mwini wake patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Inali ya mnyamata wofunsira mbeta, ndipo inapeza mtsikanayo ali ndi ana atatu, mwamuna wake ndi mnyamata yemweyo. Mnyamatayo anatopa kudikira yankho n'kungopita yekha.

Ndinaseka, iwonso anaseka, kuseka kwa m'mphuno kumene ndinali ndisanakumvepo. Titayang'ananso pa sikirini, nambala inali pa 68. Abambo anadandaula kuti yadumpha iwo osaona.

Inamaliza dzuwa litapendeka pang'ono. Lipoti lake linali lalitali, koma mfundo zake zinali zitatu: kaundula wasokedwa, malo angapo pa hadi afa ndipo atsekedwa kuti asagwiritsidwenso ntchito, komanso tizidutswa tina topezeka topanda adiresi taunjikidwa m'foda yapadera. Ndinadina BUKU LENILENI. Inatseguka. Ndisanapume n'komwe ndinakopera zonse ku hadi yanga, kenako tinayamba kuwerenga mafayilo, abambo akuloza ndi chala pagalasi. Mutu woyamba, wachiwiri, wachitatu, mpaka wachisanu ndi chimodzi. Kenako wachisanu ndi chitatu. Tinawerenganso kuchokera pansi. Wachisanu ndi chiwiri panalibe, ndipo kope lake losunga lija linangotseguka ngati tsamba loyera.

Ndinati asataye mtima, tikayang'ane m'tizidutswa muja. Tinalipo makumi anayi, topanda mayina, manambala okhaokha, ndipo kalikonse kanafunika kukatsegula pakokha. Tambiri tinali zinyalala, mizere ya timabokosi ndi zilembo zosadziwika mtundu wake. Kena kanali theka la chithunzi cha mdzukulu, kuyambira mphuno kutsika. Kena kanali kalata ya agalu a aneba. Ka nambala 23 kanatseguka ndi mawu omveka bwino, ndipo ndinawerenga ndisanadziletse: "Mkamwini wanga wa makompyuta uja, poyamba ndinkamuona ngati munthu wo" kenako timabokosi mpaka pansi.

Abambo anatsokomola. Anati zimenezo n'zakale, za m'mutu wa khumi ndi chiwiri asanaukonze, ndipitirire. Mutu umenewo unali pomwepo, wamoyo, ndipo chala changa chinali pa mausi. Ndinapitirira.

Za mutu wachisanu ndi chiwiri tinangopeza mizere iwiri, m'kachidutswa komaliza kenikeni. Inkanena za m'mawa wina wa mphepo, chitseko cha ofesi chikutseguka, mtsikana wa diresi yobiriwira akulowa. Basi. Ndinayesa pulogalamu ina yofufuzira zotayika, ndinayesanso ina, koma mutuwo unali utakhala ndendende pamalo amene anafa. Ndinawauza zoona, kuti umenewu wapita.

Anapinda magalasi n'kuwaika patebulo. Anati mitu ina yonse analemba mwezi umodzi umodzi, koma uwu unawatengera miyezi isanu, chifukwa ndi wonena mmene anakumanirana ndi mayi a ana awo. Ndinasowa poyang'ana. Ndinayamba kukulunga chingwe chimene chinali chokulunga kale.

"Musavutike nawo mutu umenewo, akamwini," anatero amayi ali pakhomo. "Kompyuta yachita bwino. Munali bodza lokhalokha."

Abambo anatembenuka ndi mpando womwe. Anafunsa kuti iwo akudziwa bwanji za m'buku limene sanapatsidwe. Amayi analowa, anakhala pampando wanga, ine n'kuimirira, ndipo anafotokoza mosathamanga kuti masana aliwonse mdala akagona iwo amabwera kudzawerenga zimene zalembedwa m'mawa. Nambala yachinsinsi ili pakapepala pansi pa kiyibodi, ndipo ndi tsiku lobadwa la amayiwo, lolakwika ndi masiku awiri. Mitu ina anati ilibe vuto kwenikweni, kupatula kuti mabwana onse ndi opusa ndipo wanzeru ndi mmodzi. Koma wachisanu ndi chiwiri unanena kuti mtsikana wa diresi yobiriwira ankabwera tsiku ndi tsiku kudzagula sitampu imodzi imodzi, chonsecho akufuna kuona kalaliki wa tsitsi logawa pambali.

Abambo anati nanga si mmene zinalili.

Amayi anandiyang'ana ine, ngati ndine woweruza. Anati iwo sanagulepo sitampu. Ankabwera kudzafunsa phukusi la nsapato zimene akulu awo anawatumizira kuti akavale tsiku loyamba ntchito ya uphunzitsi. Tsiku lililonse kalaliki uja ankatsegula chibuku chake, n'kuyendetsa chala, n'kunena kuti pepani chemwali, silinafike, mubwerenso mawa. Masiku khumi ndi limodzi. Ntchito anakayamba ndi nsapato zobwereka, zazikulu, atatsendera mapepala kutsogolo.

Ndinayamba kusuntha cham'mbali kuti ndikaone ngati maluwa aja ali bwino pawindo, koma abambo anandiimitsa. Anavalanso magalasi, anakonza jekete, anadzuka pampando wawo n'kundiuza kuti ndikhalepo. Nditsegule tsamba latsopano, pa kompyuta yanga ya m'chikwama ngati yawoyi sindikuikhulupirira, ndilembe zimene anene, popeza ine zala ndili nazo khumi. Ndinakonzeka. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Lembani kuti phukusi lija linafika tsiku loyamba lomwelo," anatero. "Kalaliki analibisa pansi pa kauntala."

Ndinalemba. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi za banja, ndipo zoterezi zikutulukira pamaso pa mkamwini. Sindinayerekeze kuyang'ana kumene kunali amayi. Ndinangomva mpando wawo ukulira pang'ono.

"Lembaninso kuti mtsikanayo analiona tsiku lachitatu," anatero amayi. "Linamangidwa ndi chingwe chofiira, ndipo nsonga yake inkasuzumira pafupi ndi phazi la kalaliki."

Abambo anatembenukira kwa amayi.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikananena mukanandipatsa. Ndiye mawa lake ndikanabwera kudzatani?"

Kenako abambo anandifunsa ngati ndalemba zimenezo. Ndinati ndalemba. Anati ndiwerenge mokweza amve mmene zikumvekera, ndipo nditawerenga anati zikumveka bwino kuposa za masitampu zija, ngakhale za masitampu zinali ndi Chichewa chokoma. Amayi anati abambo akhale pansi adye buledi, munthu sakumbukira zoona ali ndi njala. Anadya magawo anayi.

Kuchokera pamenepo ntchito inayenda, koma osati mwachangu. Anagwirizana kuti alongosole masiku onse khumi ndi limodzi, lililonse palokha, ndipo pa tsiku lililonse panali mlandu. Abambo ankati diresi inali yobiriwira, amayi ankati yobiriwira inali ya Lachiwiri lokha. Abambo ankati tsiku lachinayi kunagwa mvula ndipo anamubwereka mtsikanayo ambulera, amayi ankati ambulerayo inali ya kasitomala wina amene anaiiwala pabenchi, ndipo mwini wake anakumana nawo pamsewu. Pamene agwirizana ndinkalemba kamodzi. Pamene akanika ndinkalemba zonse ziwiri, "kalaliki akuti" ndi "mtsikana akuti," ndipo onse anavomera kuti owerenga adzaweruza okha. Kangapo anandifunsa maganizo anga. Ndinayankha kuti ine nthawi imeneyo ndinali ndisanabadwe, ndipo yankho limeneli linandisunga mpaka madzulo.

Cha m'ma folo koloko mkazi wanga anaimba kufunsa ngati ndikadali moyo. Ndinati ndili bwino, tili pa tsiku lachisanu. Anafunsa kuti lachisanu la chiyani, koma amayi anali atayamba kale kufotokoza za tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndiye ndinamuuza kuti adzawerenga yekha.

Lachiwiri lotsatira ndinapita ndi hadi yatsopano, ya mtundu wopanda zozungulira mkati, n'kusamutsiramo zonse. Ndinawasiyiranso fulashi yokoperamo buku Lamlungu lililonse, imene amayi anailanda n'kunena kuti izikhala m'chikwama mwawo. Masiku otsala aja tinawamaliza pa ma Loweruka awiri otsatira, ndipo mutu wachisanu ndi chiwiri unatuluka ndi masamba makumi atatu ndi anayi, kuposa wina uliwonse m'bukumo.

Panopa bukulo latha, koma silinapite kosindikiza. Amayi akuti popeza mutu wautali kwambiri theka lake ndi wawo, dzina lawo likhale pachikuto. Abambo avomera, koma akuti likhale pansi, m'zilembo zazing'ono. Amayi akuti zilembo zikhale zofanana, ndipo mayina atsatane monga mwa alifabeti, zimene zikuika lawo pamwamba. Mlamu wanga anayesa kulowererapo pa foni, onse awiri anamuuza kuti nkhani za akuluakulu azisiye. Chikuto ndinachikonza kale m'mitundu itatu, chili pa kompyuta yanga, ndipo ndikungodikira kuti andiuze choti ndisindikize.